Mng'ono wanga ali pachibwenzi ndi mkazi mnzake, ndipo mowa ukumutha. Ndiyambire pati?

Funso: Ndili ndi mng'ono wanga wa zaka 29 amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Chaka chatha kunyumba kunadziwika kuti ali pachibwenzi ndi mkazi mnzake. Amayi anamuuza kuti asadzapondenso pakhomo mpaka atasintha, kukwaya anamuchotsa, ndipo atsibweni akufuna kumutengera kumapemphero. Kale ankamwa Loweruka lokha, koma pano tsiku silipita. M'mawa manja amanjenjemera mpaka atamwako. Mwezi watha anandiuza kuti watopa ndi moyo. Za chibwenzi chakezo ine sindizimvetsa, koma ndi mwana wa amayi anga. Kodi khalidwe limeneli ndi limene likumumwetsa mowa? Atalisiya, mowanso angasiye?

Yankho: Achemwali, mwafunsa za chibwenzi, koma ine maso anga akodwa pa mizere iwiri imene mwailemba mongodutsa: manja onjenjemera m'mawa, ndi mawu akuti watopa ndi moyo. Ziwirizi zikhoza kutilanda mng'ono wanu mwezi uno womwe. Ndiye mundilole ndiyambe ndi zimenezi. Funso lanu ndilifika, sindilizemba.

Munthu akafika pomanjenjemera m'mawa mpaka atamwako, amenewo si matsire wamba. Thupi lake layamba kudalira mowa. Mowa umagoneka ubongo, ndipo ubongo wa munthu womwa tsiku ndi tsiku umaphunzira kulimbana nawo kuti ukhalebe maso. Zili ngati anthu awiri akukankhana chitseko, wina kunja, wina mkati. Wamkatiyo akangochoka mwadzidzidzi, wakunja uja amagwa chafufumimba. Mowa ukasiyidwa lero ndi lero, ubongo wozolowera kukankha uja umapitirira muyezo. Pakatha maola 6 mpaka 24 munthu amanjenjemera, thukuta lili kamukamu, nseru, mtima kuthamanga, tulo osabwera. Ena m'masiku awiri oyambirira amagwa ndi kuphupha ngati wakhunyu. Ochepa, pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, mutu umasokonezeka, amabwebweta, amaona tizilombo tikuyenda pakhoma, thupi lili moto. Kuchipatala timati delirium tremens, ndipo popanda chithandizo imapha.

Ndikunena izi chifukwa mabanja akatopa amachita zinthu zooneka ngati zanzeru: kumutsekera m'chipinda, kukhuthula mabotolo onse pansi, kapena kupita naye kuphiri kukasala kudya masiku atatu. Kwa munthu amene akunjenjemera kale, zonsezi ndi kuseweretsa moyo wake. Asiye mowa, inde, koma asiyire m'manja mwa achipatala. Kumeneko amapatsidwa mankhwala monga diazepam kwa masiku ochepa, mlingo wake ukutsitsidwa pang'onopang'ono, pamodzi ndi thiamine, vitamini B1, amene amateteza ubongo wa munthu amene wakhala akumwa osadya mokwanira. Diazepam musakagule nokha pamsika. Akasakanikirana ndi mowa akhoza kuimitsa kupuma. Ku Lilongwe kuli chipatala cha St John of God, chomwenso chili ku Mzuzu komwe anthu a vuto la mowa akhala akuthandizidwa kwa zaka zambiri. Ku Bwaila kuli mbali yoona za matenda a maganizo, ku Blantyre kuli Queen Elizabeth, ku Zomba kuli chipatala chachikulu cha matendawa. Ngakhale pachipatala cha boma cha m'dera lanu mukhoza kufunsa namwino woona za maganizo. Pamene mukukonza ulendowo, asadule mowa kamodzin'kamodzi.

Za kutopa ndi moyo, mufunseni mosapita m'mbali: “Kodi umaganiza zodzipha? Unaganizapo njira yake?” Anthu amaopa kuti funsoli limudzala maganizo oipa m'mutu. Silidzala. Ambiri amapuma mozama kuti pomaliza wina wafunsa. Akati inde, makamaka ngati njira anaikonza kale, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo asagone yekha. Mankhwala a m'munda, a makoswe, osungira chimanga ndi mapilitsi otsalira muwachotse m'nyumba imene akukhala. Mowa umamasula mabuleki. Ganizo limene masana likanangodutsa, usiku munthu ataledzera limasanduka chochita.

Tsopano funso lanu. Ndikuuzani chiwerengero chimene mwina chikuonetsa ngati mukunena zoona. Mu 2008 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Michael King wa ku University College London linasonkhanitsa akafukufuku 25, ambiri a ku America ndi ku Ulaya, ndipo linapeza kuti akazi okonda akazi anzawo amagwa mu uchidakwa mowirikiza pafupifupi kanayi kuyerekeza ndi akazi ena. Kuvutika maganizo ndi nkhawa nazo zinali zochulukirapo mwa amuna ndi akazi okondana okhaokha, ndipo kuyesa kudzipha kunali kowirikiza kawiri. Choncho kugwirizana kulipo. Koma nkhuku ikamalira nthawi imene dzuwa likutuluka, si ndiye kuti ndi imene yalitulutsa. Tiyenera kufunsa kuti chikuwamwetsa n'chiyani.

Katswiri wina wa ku America, Ilan Meyer, analongosola bwino nkhaniyi mu 2003. Iye anati anthu osalidwa amasenza katundu wa maganizo amene anzawo sasenza, ndipo katunduyo ali mitolomitolo. Pali zimene zimachitikadi, monga kutukwanidwa, kumenyedwa, kuthamangitsidwa pakhomo. Pali kukhala tcheru nthawi zonse podikira kuti zichitika liti. Pali ntchito yobisa. Ndipo pali mtolo wolemera kuposa yonse, pamene munthu wayamba kukhulupirira yekha kuti ndi nyansi monga momwe akhala akumuuzira.

Ntchito yobisayi anthu amaipeputsa. Ndinathandizapo mayi wina, mphunzitsi, amene nambala ya bwenzi lake anaisunga pafoni kuti “Telala”. Foni ikalira pali anthu, ankayankha za madiresi. Kumaliro kumudzi, atakhala pamphasa akusadzula ndiwo ndi azimayi anzake, azakhali ankamufunsa mokweza kuti, “Nanga ife tidzavina liti? Kapena ukudikira tife?” Iye ankaseka nawo, n'kunena kuti mwamuna akubwera, ali ku Joni. Anandiuza kuti akabwerako kumudzi ankatsikira pa sitolo ya mowa asanafike kunyumba, chifukwa nsagwada zinkachita kuwawa ndi kumwetulira kwabodza. Ankamwa kuti agone. Zaka zisanu ndi ziwiri za moyo wotere, botolo limodzi linakhala anayi.

Umboni woti vuto limachokera ku mmene anthu akuwaonera unapezeka pamene zigawo zina za dziko la America zinasintha malamulo awo mu 2004 kuti ziletse maukwati a amuna kapena akazi okhaokha. Zinangochitika kuti boma linali litafunsa kale anthu masauzande ambiri za umoyo wawo malamulowo asanabwere, ndipo linawafunsanso anthu omwewo pambuyo pake. Mark Hatzenbuehler ndi anzake atasanthula mayankhowo mu 2010 anapeza kuti m'zigawo zimene zinaika chiletso, vuto la mowa mwa amuna ndi akazi okondana okhaokha linakwera ndi 42 peresenti. M'zigawo zimene sizinaike chiletso, kukwera kotere kunalibe. Anthu ake anali omwewo, okonda omwe ankawakonda kale. Chimene chinasintha ndi mawu amene ankamva pawailesi ndi kwa anansi awo.

Koma sitikufunika kupita ku America. Werenganinso kalata yanu. Mng'ono wanu sanayambe chaka chatha kukhala mmene alili. Pamene ankamwa Loweruka lokha n'kumadzuka kupita kuntchito, n'kumaimba kwaya Lamulungu, anali yemweyu. Chaka chatha chimene chinasintha ndi chakuti khomo la amayi ake linatsekeka, yunifolomu ya kwaya anavula, ndipo abale anayamba kumukambirana iye palibe. Mowa wa tsiku ndi tsiku unayamba pamenepo.

Ndiye akati wasiya chibwenzi, mowa asiya? Zimene ndaona pa ntchito yanga n'zakuti amene amakakamizidwa kunena kuti “ndasintha” amabwerera ku moyo wa Telala uja, ndipo botolo limabwerera nawo. Ena amakwatiwa kuti pakhomo pakhale bata, n'kumamwera m'bafa mwamuna asakuona. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linachotsa kukondana kwa amuna kapena akazi okhaokha pa mndandanda wa matenda pa 17 Meyi 1990, ndipo bungwe la madokotala a maganizo la World Psychiatric Association linanena mu 2016 kuti palibe umboni woti munthu angasinthidwe pa zimenezi, koma kuti kuyesa kumusintha kumavulaza. Sindikukuuzani zoti mukhulupirire pa nkhani ya chipembedzo, imeneyo si ntchito yanga. Ndikukuuzani za chipatala: matenda amene mng'ono wanu ali nawo ndi uchidakwa, mwinanso ndi kuvutika maganizo. Amenewo mankhwala ake alipo. Mukamanga nkhani ziwirizi mtolo umodzi, kuti thandizo pa mowa lidzabwera akasiya mnzakeyo, mwamuuza kuti asankhe pakati pa kuchira ndi munthu yekhayo amene sanamuthawe. Mukudziwa kale chimene adzasankhe.

Palinso lamulo, ndipo kulibisa kungakhale kukunamizani. Gawo 137A la Penal Code, buku la malamulo a milandu la dziko lino, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2010 ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika analisaina kumayambiriro kwa 2011, limapereka chilango chofika zaka 5 m'ndende kwa akazi ogonana okhaokha. Mu Juni 2024 khoti loona za malamulo aakulu a dziko linakana pempho loti malamulo oletsa kugonana amuna kapena akazi okhaokha achotsedwe. Kwa ife achipatala zotsatira zake timaziona motere: munthu amaopa kubwera, akabwera amanama, ndipo wina akamuopseza kuti amuulula pokhapokha atamupatsa ndalama, sapita kupolisi. Mudzamva ena akukulangizani kuti mumutumize ku Joni, kumeneko n'zololedwa. Zoona, ku South Africa maukwati otere ndi ovomerezeka kuyambira 2006. Koma n'komwekonso kumene Eudy Simelane, amene ankasewerera timu ya mpira ya akazi ya dzikolo, Banyana Banyana, anagwiriridwa ndi kuphedwa ku KwaThema mu 2008. Ndipo munthu wonjenjemera manja, wopanda mapepala, wopanda mbale, kumukweza basi ya ku Joni ndi kungosuntha vuto kupita nalo kumene simungalione.

Tiyeni tiwerenge zimene mng'ono wanu anataya, chifukwa pano ndi pamene pali ntchito yanu. Kwathu kuno munthu amaimira pa anthu. Ukadwala, mayi amabwera ndi phala. Ukasowa ya lendi, pali mlongo kapena banki m'khonde. Chibwenzi chikavuta, pali azakhali. Banja likagwedezeka, pali ankhoswe. Mkazi wokondana ndi mkazi mnzake zambiri mwa izi alibe. Akayambana ndi bwenzi lake sangakadandaule kwa ankhoswe. Chibwenzi chikatha amalira maliro opanda wopepesa, kuntchito n'kumanena kuti ndi chimfine. Ndiye amapita kuti? Amapita kumene sayang'anitsitsidwa: kubala lina la kuseri, kapena kuphwando la m'nyumba yotseka geti, kumene aliyense ali ngati iye ndipo patebulo pali mabotolo. Si kuno kokha. Ku America kwa zaka zambiri mabala ndiwo anali pafupifupi malo okhawo amene anthu otere ankakumanirako. Choncho mukamuuza kuti “siya anzako omwa nawo aja”, dziwani kuti mukumuuza kuti asiye anthu omaliza amene amamupatsa moni ndi nkhope yowala. Simungamuchotse kumeneko musanamukonzere pena pokhala.

Caitlin Ryan ndi anzake ku California anafunsa achinyamata 224 okonda amuna kapena akazi anzawo za mmene mabanja awo anawalandirira. Zotsatira zinatuluka mu 2009. Amene anakanidwa kwambiri ndi abale anali ndi mpata woyesa kudzipha wowirikiza kasanu ndi katatu kuposa amene sanakanidwe kapena anakanidwa pang'ono, ndipo kuvutika maganizo kwakukulu kunali kowirikiza pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Chimene chimandilimbitsa mtima pa ntchito yawoyi n'chakuti banja silifunika kusintha chikhulupiriro chake chonse kuti mwana apulumuke. Kungochepetsa nkhanza, kusiya kutukwana, kusiya kumusala pa zochitika za pabanja, kumatsitsa kale chiopsezo. Mwalemba kuti simukumvetsa. Palibe vuto. Simukufunika kumvetsa kuti mumuphikire nsima.

Ndipo ndikunena nsima yeniyeni. Musankhe tsiku limodzi pa sabata, likhale lake, abwere kwanu adzadye, ana anu amuitane kuti “anti” monga kale, mowa pasakhale, ulaliki pasakhale. Lisasinthe ngakhale sabata imene wakukhumudwitsani. Za mowa mukambe naye m'mawa kapena masana asanamwe, muli awiri, osati pa msonkhano wa banja pomwe iye wakhala pakati ngati wakuba nkhuku. Munene zimene mwaona ndi maso anu: “Ndaona manja ako. Ndaona kuti watsika thupi. Ndikuopa kukutaya. Tiye limodzi kuchipatala Lachiwiri.” Mawu akuti chidakwa muwasiye panja. Ndalama m'manja musamupatse. Ngati mukufuna kuthandiza, gulani ufa, lipirani minibasi, lipirani kuchipatala. Ndipo musamunamire kwa abwana ake kuti wadwala malungo pamene ali ndi matsire, chifukwa kutero ndi kuthandiza mowa, osati iye.

Bwenzi lakelo muyesetse kulidziwa, ngakhale zikulemereni. Ndi iye amene amadziwa kuti mng'ono wanu amamwa mabotolo angati, ndi iye amene amakhalapo pakati pa usiku. Akhoza kukhala mthandizi wanu wamkulu. Akhozanso kukhala kuti naye amamwa kwambiri, ndiye onse awiri akufunika thandizo, chifukwa kusiya mowa m'nyumba imene wina akutsegula botolo madzulo aliwonse n'kovuta zedi. Mufunsenso mng'ono wanu payekha ngati ali pamtendere m'nyumbamo. Nkhanza zimachitikanso pakati pa akazi okhaokha, ndipo wochitiridwayo amasowa kokanena. Tonda Hughes, namwino amene watsatira moyo wa akazi otere mazanamazana ku Chicago kwa zaka zoposa 20, anapeza mobwerezabwereza kuti amene anachitidwapo nkhanza ali ana kapena atakula ndi amene mowa umawagwira kwambiri. Musakumbe zakale mwa mphamvu. Akayamba yekha kufotokoza, mvetserani, ndipo mumukhulupirire.

Amayi musalimbane nawo pa mavesi, simupambana, ndipo nawonso ali ndi chisoni chawo: zidzukulu zimene ankayembekezera, manyazi a kumvano. Apempheni chinthu chimodzi chaching'ono. Auzeni kuti mwana wawo akudwala, ndipo akaimba foni ayankhe, ngakhale n'kungofunsa kuti wadya. Atsibweni auzeni zimene ndalemba pamwambapa za kuphiri. Pemphero sindikulikana. Munthu amene anaimba kwaya zaka zonsezi mwina chimene chikumupweteka kwambiri n'kuganiza kuti Mulungu naye anamutsekera khomo. Ngati akufuna kupemphera, pempherani naye. Koma kumugwira anthu asanu n'kumamukuwira kuti chiwanda chituluke, kenako n'kumubweza kunyumba yekha usiku ndi manyazi atsopano, ameneyo mawa lake amwa kuposa dzulo.

Ndivomereze kuti nafenso achipatala si tonse amene timagwira bwino nkhanizi. Mtsikana wina anandiuza kuti atapita kwina kukafuna uphungu pa mowa, atangotchula za bwenzi lake, mlangizi anatseka faelo n'kuyamba kumulalikira, ndipo potuluka anapeza anamwino awiri akumuyang'ana akunong'onezana. Anatha zaka ziwiri osapondanso pachipatala chilichonse. Choncho mng'ono wanu adziwe kuti kusunga chinsinsi cha wodwala ndi lamulo la ntchito yathu, komanso kuti ali ndi ufulu wosankha zoti anene. Kuti achotsedwe mowa m'thupi bwinobwino, dokotala safunika dzina la bwenzi lake. Koma uphungu wa pambuyo pake sungayende ngati akubisa chimene chikumupweteka, ndiye pamenepo pakufunika mlangizi amene angamve nkhani yonse osakwinya nkhope. Mabungwe monga CEDEP ndi Nyasa Rainbow Alliance amagwira ntchito ndi anthu ngati iye ndipo angakulozereni kwa alangizi otero. Woyamba akapanda kuyenera, musagwe ulesi, funani wina.

Za kuvutika maganizo, dokotala wabwino nthawi zambiri amayamba wadikira masabata awiri kapena anayi munthu atasiya mowa, chifukwa mowa pawokha umagwetsa mtima, ndipo ena amapepukidwa ukangochoka m'thupi. Chisoni chikapitirira, mankhwala alipo, monga fluoxetine. Mukauze dokotala mawu aja akuti watopa ndi moyo, musawabise pofuna kumuteteza, chifukwa mankhwala ena a maganizo monga amitriptyline ndi oopsa munthu akamwa ambiri nthawi imodzi, ndipo dokotala akadziwa amasankha ena kapena amapereka ochepaochepa. Apemphenso kuyezedwa chiwindi. Thupi la mkazi lili ndi madzi ochepa kuyerekeza ndi la mwamuna wolemera mofanana, choncho botolo lomwelo limamufika kwambiri, ndipo chiwindi chake chimaonongeka msanga.

Adzagwanso. Ambiri amagwa kamodzi kapena kangapo asanaime, kawirikawiri pa Khrisimasi, pa ukwati wa m'banja umene sanaitanidwe, kapena atakumana ndi wakwaya mumsika n'kumutembenukira nkhope. Masiku amenewo muziwaoneratu pa kalendala n'kukonza kuti adzakhale ndi ndani. Akagwa, mubwerere naye kuchipatala, ndipo tsiku la nsima lija likhalepobe. Inunso mupeze munthu mmodzi wokhulupirika womuuza zakukhosi, chifukwa kudwazika chidakwa kumatopetsa, ndipo mudzapsa mtima kangapo.

Popita Lachiwiri lija mutenge buku lake la kuchipatala ndi kapepala kolembapo zimene amamwa, kaya ndi kachasu, kaya ndi wa m'mabotolo, kuchuluka kwake pa tsiku, nthawi imene anamwa komaliza, ndiponso ngati anagwapo n'kuphupha. Akamugoneka, namwino adzafunsa kuti gadiyani wake ndi ndani. Akazi ambiri ngati iye pa funso limeneli amayang'ana pansi, chifukwa mayi sabwera ndipo bwenzi likuopa kuonekera. Mutchule dzina lanu, ndipo mukhale mutanyamuliratu chitenje chofunda ndi fulasiki ya phala, poti masiku atatu oyambawo usiku umatalika.